Anthu Amene Ndinakana Kuwadula pa Chithunzi

Zomba, 1986 mpaka 2011

Za ubwana wanga amayi anu anakuuzani kale, ndipo anazikometsa kuposa mmene zinalili, choncho ine ndiyambira pa ntchito. Ndinalembedwa mu 1986 ku ofesi ya boma yosunga mapepala akale ku Zomba, m'chipinda chomata ndi kusoka mabuku. Amene anandiphunzitsa anali a Likongwe, munthu wamfupi wa ku Ntcheu, wosaseka ndi munthu m'mawa. Ntchito yathu inali yolandira mafayilo odyedwa ndi chiswe, onyowa ndi mvula, ong'ambika m'mapindo, n'kuwakonza kuti munthu athe kuwawerenganso. Zipangizo kunalibe. Guluu akatha tinkaphika phala la ufa wa chinangwa pa mbaula kuseri kwa ofesi, n'kulisefa pa kansalu. Ulusi ndinkapempha kwa atelala a mumsika. Nthawi ya dzinja denga linkadontha, ndiye tsiku linkayamba ndi kukoka mashelefu tisanakhudze pepala lililonse. A Likongwe ankakhululuka zambiri, ngakhale kuchedwa, koma lumo pa pepala ayi. Ukapeza tsamba lanyenyeka m'mphepete, unkayenera kumatira kapepala kopyapyala kumbuyo kwake, osati kudula kuti pawongoke. "Kukongoletsa si ntchito yako, Wyson," ankatero. "Iwe sunga."

Ndinakhala m'chipinda chimenecho mpaka imvi zinayamba kutuluka. A Likongwe anamwalira, mpando wawo n'kukhala wanga, denga n'kumadonthabe. Chaka cha 2011 mukuchikumbukira nokha: mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta, shuga kusowa m'masitolo. Iwe Tadala unali utasankhidwa kupita ku koleji, iwe Mphatso unali ku sekondale. Mnzanga wina anandiuza kuti kampani ina ya ku Doha ikufuna anthu odziwa kugwira mapepala akale. Ndinapempha kupuma msanga ntchito ya boma. Amayi anu sanakondwe. "Pa msinkhu wanuwu, anzanu akuweta nkhuku, inu mukufuna mukaume m'chipululu?" Ndinawayankha kuti nkhuku sizingaphunzitse mwana ku koleji, ndipo ndinapita.

Doha, 2012

Ndinatsika ndege mu Meyi. Chitseko cha pabwalo la ndege chitatseguka ndinaganiza kuti ndayima kumbuyo kwa basi yolira injini, osadziwa kuti ndiwo mpweya wa dzikolo. Kampani inandipatsa bedi mu fulati ina ku Bin Omran, momwe munkakhala Amalawi anzanga, alonda ndi madalaivala, anyamata oti ndikanawabereka. Dzina loti Madala anandipatsa tsiku lomwelo. Amene anandilandira bwino koposa anali Yusufu, Myao wa ku Mangochi, bambo wa ana awiri, amene ankalondera ku Pearl, chilumba chochita kumanga chodzaza ndi nyumba zitalizitali ndi maboti a anthu olemera. Ndiye anandisiyira bedi la pansi iye n'kukwera pamwamba. Ndiyenso anandiphunzitsa kuti bwana akati "yalla" akufuna ufulumire, akati "khalasi" nkhani yatha, ndipo kuti mawu akulu kuposa onse ndi "kafili". "Kafili wanu ndi kampani imene yakubweretsani, Madala. Mukafuna kusintha ntchito, chilolezo ndi chawo. Mukafuna kukwera ndege kukayika maliro kwanu, chilolezo ndi chawo. Musamayambane nawo anthu amenewa."

Tinkagwirira ntchito m'nyumba yayikulu ya mpanda ku Al Messila. Mwini wake anali munthu wachuma wokonda kugula mapepala akale kumayiko akunja. Ine ndinangomuona kamodzi, ali m'galimoto. Kampani yathu ndi imene anayilemba kuti izisamala katunduyo. Mkulu wa ntchito anali a Victor, mzungu wolankhula mothamanga, amene anali atayendapo mayiko ambiri pa ntchito yomweyi. Mnzanga wapafupi anali Suresh, Mmwenye wa ku Kerala, katswiri wa kompyuta. Ine ndinkapukuta fumbi, kuwongola mapindo, kumata pong'ambika, kenako n'kuyika pepala pa sikana. Chithunzi chikatuluka ndinkachiyerekeza ndi pepala lenilenilo, n'kusayina kuti n'chathunthu, palibe chochotsedwa kapena chowonjezedwa. Popanda siginecha yotere, chithunzi sichinkapita kosindikiza.

Ndisaname, ntchitoyo ndinayikonda. Zimene ndinkazilakalaka ku Zomba zinali mbwee: mapepala opyapyala a ku Japan, magolovesi, maburashi ofewa, chipinda chozizira chopanda chiswe ndi chimodzi chomwe. Chosowa kumeneko chinali nthawi. A Victor ankalowa ndi "yalla, yalla", ngati pepala lakale lingathamangitsidwe. Koma ankandilemekeza, ankanditcha Mista Wyson, ndipo alendo akabwera ankawabweretsa pa tebulo langa kuti aone manja anga akugwira ntchito.

2014

Chaka chimenechi kunabwera mabokosi a banja lina la amalonda a ku doko lina la kugombe la Arabia. Dzina la dokolo ndilisiya. Munali zojambula za mapulani a nyumba, mapangano a amisiri, ndi zithunzi zakale za pagalasi zokulungidwa m'nsalu. Zambiri zinali zokhudza kumanga kwa sunagoge, nyumba yopemphereramo Ayuda, amene kale ankakhala m'dokolo pamodzi ndi Asilamu ndi Amwenye. Mapanganowo analembedwa m'Chiarabu koma ndi zilembo za Chihebri, ndiye kampani inayitanitsa mayi wina wachikulire wa ku France, a Miriam, Myuda, kuti adzawerenge. Anali munthu wosuta kwambiri, wokonda tiyi wa mkaka wa m'makapu a pepala, ndipo tinagwirizana msanga chifukwa tonse tinkadana ndi kuthamangitsidwa.

Galasi limodzi linali lalikulu ngati kope la kusukulu, losweka pakona. Ndinalipukuta ndi burashi, ndinaliyika pa sikana, Suresh n'kulitembenuza pa kompyuta kuti zakuda zide, zoyera ziyere. Panaoneka sunagogeyo ali pakati pomangidwa: khoma la miyala ya m'nyanja, khomo lokhota pamwamba, zenera lozungulira pamwamba pa khomolo. Pa nsanja panali amisiri a nduwira. Kutsogolo kunayima akuluakulu a sunagoge atavala mikanjo, ndi mmisiri wamkulu atagwira ndodo yoyezera. Ndiye kumanzere, m'mphepete penipeni, pafupi ndi dzenje lopondera njereza, panali anthu akuda. Amuna anangomanga kansalu m'chiuno, miyendo itayera ndi njereza mpaka m'mawondo. Mmodzi anali ndi chilonda chachikulu pa msongolo. Pakati pawo panali mayi wosenza dengu la miyala, nkhata ili pamutu, mwana ali kumbuyo, nsalu atayimanga pachifuwa monga amamangira akazi a kwathu. Onse ena ankayang'ana pansi kapena kumbali. Mayi yekhayo ankayang'ana wojambulayo m'maso.

A Miriam anabwera pa tebulo langa ndi pangano la mmisiri wamkulu uja. Anandifotokozera kuti omanga ndi akalipentala analembedwa mayina awo ndi malipiro awo, koma opondaponda njereza ndi osenza miyala anali akapolo a mmisiriyo, ndipo malipiro awo ankalandira ndi iyeyo. Ena a iwo sanalembedwe dzina, anangolembedwa kumene anachokera. Anayika chala pa liwu lina, n'kulitchula pang'onopang'ono. "Nyasa. Si kwanu kumeneku, Wyson?" Ndinati ndi kwathu. Anavula magalasi. "Mmisiri yemweyu anamanganso mzikiti wa m'dokolo, nyumba ya msonkho, ndi masitolo a Amwenye, ndi manja omwewa. Aliyense anamangitsa. Koma m'nyumba iyi munapemphera anthu a mtundu wanga, ndiye ine sindingaloze ena chala n'kudzisiya. Ndilemba zonse mmene ziliri." Ndipo analembadi.

Sindinganene kuti mayi wa dengu uja anali wa kwathu. Pepala silinaloze nkhope ya munthu. Mwina anali wa ku Mozambique, mwina wa ku Tanganyika. Koma mamangidwe a nsalu aja ndinawadziwa, ndipo chakudya cha masana tsiku limenelo sindinachikhudze. Lachisanu lotsatira, lomwe ndi tsiku lopuma kumeneko, ndinawasimbira anyamata ku fulati. Ena anadabwa kuti anthu a kwathu anafika kutali chotero kalekale. Wina anaseka n'kunena kuti ndiye kuti ife si oyamba kubwera kudzasenza miyala ya Aluya. Yusufu sanaseke. Anadikira anzake atatuluka, n'kunena: "Agogo anga ankanyadira kuti makolo athu ankapita kugombe ndi minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi nsalu ndi mfuti. Sankatchula kuti minyangayo ankasenza ndani, kapena kuti osenzawo ankabwerera kapena ayi." Ndinamuuza kuti iye sanagulitse munthu. Anagwedeza mutu, n'kupita ku mzikiti.

2016, miyezi yoyamba

Mwini katundu anaganiza zochititsa chionetsero cha luso la amisiri akale a m'madoko, mu holo ina ku Pearl. Chithunzi cha sunagoge chinasankhidwa kukhala chachikulu koposa, chodzaza khoma. A Miriam anali atabwerera kwawo. Tsiku lina m'mawa a Victor anandiyitana mu ofesi mwawo, ananditsanulira khofi ndi manja awo, n'kutembenuzira kompyuta kwa ine. Pa chithunzi chija anali atajambulapo mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, kumanzere. Mkati mwa mzerewo munatsala khoma, khomo, amisiri ndi akuluakulu a mikanjo. Kunja kwake kunali dzenje la njereza ndi anthu ake. Anati ndisikanenso galasilo kulekeza pa mzerewo, ndisayine monga mwa masiku onse, ndipo mawu a pansi pa chithunzi azingoti amisiri ndi antchito awo.

Ndinafunsa chifukwa. Sanakalipe, anafotokoza bwinobwino, ndipo ndiwachitire chilungamo, mfundo zawo sizinali zopusa. Anati chionetserocho n'chofuna kusonyeza kuti anthu a zipembedzo zosiyana ankakhalira limodzi mwamtendere. Anati mwini katundu walimba kale mtima povomera kupachika sunagoge pa khoma lake, ndipo tikawonjezerapo akapolo adzangoti chithunzi chonse chichoke. Anati pakati pa alendo olemekezeka padzakhala ena amene makolo awo anali ndi akapolo, ndipo palibe amene amayitana mlendo kuti adzamuchititse manyazi. "Galasi lenileni likhalabe m'bokosi, Mista Wyson. Palibe chimene tikuwononga. Ophunzira akalifuna adzalipeza."

"Ophunzira angati adzatsegule bokosi limenelo, bwana?" ndinafunsa. "Ndipo ndi anthu angati adzaone khomalo? Mumzinda momwe muno atsegula nyumba yoonetsa mbiri ya ukapolo poyera, ine ndinapitako ndi miyendo yanga. Eni dziko sakubisa. Amene mukubisa ndinu." Anati imeneyo ndi nyumba ya ena, ife tili ndi kasitomala wathu. Ndinati ngati akufuna kudula adule, koma alembe pansi pake kuti ichi ndi chidutswa cha chithunzi, ndipo chochotsedwacho ndi akapolo. Anati zimenezo n'chimodzimodzi kuwasiya. "Ndiye ine sindisayina," ndinatero. "Siginecha yanga imanena kuti palibe chochotsedwa. Anthu awa anawachotsa kwawo, anawachotsera mayina, malipiro awo anadya wina. Chatsala ndi pakona pa galasi pamene ayimapo. Ine ndiwachotsenso pamenepo? Funani wina." Kenako anandikumbutsa, mofatsa ndithu, kuti kontirakiti yanga ikutha kumapeto a chaka, ndipo anandipatsa sabata kuti ndiganize.

Sabata imeneyo inali yowawa. Anyamata ku fulati anandizungulira. "Madala, anthu anafa kalekale amenewo, sangakuthokozeni." "Madala, sayinani basi, Mulungu akudziwa mtima wanu." Ndinayimbira amayi anu, ndipo ndilemba zimene ananena chifukwa anali ndi ufulu wozinena. "Mayi wa pa galasiyo ndi m'bale wanu? Mwana ali kumbuyo kwakeyo ndi wanu? Anu ali kuno, onse awiri sanamalize sukulu." Ndinati ndikudziwa. Kumbuyo kwawo ndinkamva tambala akulira. Kenako anati: "Ndinakwatiwa ndi munthu wouma mutu, ndinadziwa kale. Mukasayina mudzabwera kuno n'kumatidandaulira mpaka kumanda. Chitani zimene mwaganizazo, ife tiona pogwira." Sanandidalitse, koma sanandiletse. A Miriam atamva analemba kwa a Victor kuti dzina lawo lichotsedwe pa chionetserocho, ndipo linachotsedwa. Iwo anali kwawo, ndi pasipoti yawo m'thumba. Ine ndinali ku Bin Omran, ndi kafili.

Sabata itatha ndinalowa mu ofesi n'kunena kuti yankho ndi lomwe lija. A Victor anangoti, "Khalasi." Mawa lake galimoto ya kampani sinandisiye ku Al Messila. Inandipititsa ku nyumba yosungiramo katundu ku dera la mafakitale, kunja kwa mzinda, kumene kampani inkasunga mabokosi opanda kanthu, mashelefu achitsulo ndi magalasi a chionetsero. Kumeneko kunalibe chipinda chozizira. Ntchito inali yonyamula, kukweza m'lole, kutsitsa. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu, amene manja ake anazolowera burashi. Msana umene mumandiona ndikuwugwira podzuka pa mpando ndinawutenga kumeneko. A Victor ankayembekeza kuti kutentha kwa Julayi kundibweza ndi chipewa m'manja. Sindinabwerere. M'mawa uliwonse ndinkavala shati yosita ndi tayi, monga ndinkachitira ku Al Messila, n'kumasenza mashelefu tayi ili m'khosi. Anzanga a ku Nepal ankandiseka, kenako anayamba kundisiyira zopepuka.

Amene anadula chithunzicho ndi kusayina anali Suresh. Anabwera yekha ku fulati kudzandiuza, atanyamula nthochi m'pepala, maso ali pansi. Anati ali ndi ana aakazi atatu ndi mayi wodwala impso. Anati ndimukhululukire. Ndinamuuza kuti chithunzicho si changa, sindingakhululuke m'malo mwa eni ake, koma ine ndilibe naye mlandu. Tinadya nthochizo limodzi. Mpaka lero timalankhulana pa foni, ndipo simudzandimva ndikumunyoza. Katundu wake ankamudziwa yekha kulemera kwake.

2016, Novembala

Chionetsero chinatsegulidwa nyengo itayamba kuzizira. Magalasi ake ndi mashelefu ake ndinakweza m'lole ndine. Tsiku la alendo olemekezeka sindinayitanidwe, koma masiku otsatira khomo linali lotsegukira aliyense. Lachisanu lina titatuluka m'mapemphero, ndinauza Amalawi amene tinkapemphera nawo kuti ndikupita ku Pearl kukaona ntchito ya manja anga, wofuna anditsate. Ananditsata angapo: madalaivala awiri a ku fulati, atsikana ogwira ntchito mu hotela, ndi mayi Esnart a ku Dedza, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Messila, munthu wamkulu thupi, wolankhula mosaopa. Tinavala za kutchalitchi. Titafika pa khomo la holoyo, mlonda anali Yusufu. Kampani yawo inali itamuyika pamenepo mwezi wonse. Anatiyang'ana, n'kunena motsitsa mawu, "Madala, mwabwera ndi nkhondo?" Ndinati ndabwera kudzaona zithunzi.

Chithunzicho chinali chokongola, ndisakane. Khomo lokhota lija linali lalitali kuposa munthu, mwala uliwonse ukuoneka. Kumanzere kwake kunali khoma loyera lopanda kanthu. Kope la chithunzi chathunthu ndinalibe. Sindinabe kanthu ku kampani, ngakhale mpata unalipo. Ndinali ndi pakamwa pokha. Ndinayima pa khoma loyeralo n'kuyamba kuwauza anzanga m'Chichewa: apa panali dzenje la njereza, apa panali bambo wa chilonda pa msongolo, apa awiri ogwira makasu, miyendo yoyera mpaka m'mawondo. Ndinawauza za liwu lija a Miriam anawerenga. Ndinawauza za mayi wa dengu ndi mwana kumbuyo. Mayi Esnart anandidula mawu. "Anayima pati mayiyo?" Ndinaloza. Anapita pomwepo, anatsamira khoma, anatenga chikwama chawo cha m'manja n'kuchisenza pamutu, n'kuyang'ana kutsogolo osaphethira. Sindinawatume. Madalaivala aja anayang'anana, n'kupita kukayima pambali pawo. Atsikana a ku hotela nawonso.

Mu holomo munali anthu ena, azungu, Amwenye, ndi banja lina la eni dziko. Anayamba kuyandikira. Bambo wa banjalo, wovala mkanjo woyera, anandifunsa m'Chingerezi kuti anthuwa akuchita chiyani. Ndinamuuza zonse, mosakweza mawu: kuti chithunzichi n'chodula, kuti ndine ndinapukuta galasi lake, kuti pamene ayima anzangawa panayima akapolo amene anaponda njereza ya khomali. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sananene kuti ndalakwa kapena ndakhoza. Anatembenukira ana ake n'kuyamba kuwafotokozera m'Chiarabu, akuloza khoma loyera lija.

Wina anali atayimbira a Victor, ndipo anatulukira nkhope itafiira. Sanalankhule ndi ine. Anapita kwa Yusufu n'kumuuza kuti atitulutse msanga. Yusufu anabwera pang'onopang'ono, wayilesi ya ulonda ili m'manja, n'kuyima patsogolo panga. Ndinamuuza m'Chichewa kuti agwire ntchito yake, ife tituluka, asadziphere ntchito chifukwa cha ine. Anayankha m'Chichewa momwemo, mokweza kuti onse amve: "Madala, mwina ndi makolo anga anawatsitsira kugombe anthu amenewa. Lero ndiwathamangitsenso ine? Malizani kaye nkhani yanu." Kenako anatembenukira a Victor n'kunena m'Chingerezi kuti alendowa sanaswe kanthu, sanakhudze kanthu, ndipo iye sakuona chowatulutsira. A Victor akanatha kuyitana apolisi, ndipo tonse tinkadziwa kumene zikanathera. Koma anaona banja la mkanjo woyera lija likuyang'ana, ndipo phokoso ndi limene ankaliopa kuyambira pachiyambi. Anangoyima, manja m'thumba. Ndinamaliza nkhani yanga. Mayi Esnart anatula chikwama, anakonza duku, n'kunena kuti, "Tiyeni, basi ingatisiye." Tinatuluka tokha, Yusufu n'kutitsegulira chitseko.

Sabata yomweyo Yusufu anamuchotsa pa holoyo n'kumuyika kolondera magalimoto pansi pa nyumba, kopanda mphepo, kodzaza utsi. Anakhalako mpaka kontirakiti yake inatha. Ndinamupepesa, iye anati ndisamulande chinthu chimodzi chimene anachita mwa kufuna kwake m'dziko limenelo.

2017

Kontirakiti yanga sinawonjezedwe. Tsiku lomaliza a Victor anandiyitana ku Al Messila kukatenga chilolezo chotulukira m'dzikomo ndi tikiti. Pa tebulo panali pepala lina lolembedwa kale, lonena kuti ndikupepesa chifukwa chosokoneza chionetsero. Anati ndikasayina andilembera umboni wabwino, ndipo akudziwa kampani ina ku Dubai imene ingandilembe mawa lomwe. "Ndinu mmisiri wabwino kuposa onse amene ndagwira nawo ntchito, Mista Wyson. Koma mwakula. Popanda umboni wanga, ndani adzakulembeni?" Ndinawathokoza chifukwa cha khofi wa zaka zonsezo. Ndinawauza kuti ndinakana kusayina bodza lonena za anthu akufa, ndiye sindingasayine bodza lonena za ine mwini ndili moyo. Ndinatenga tikiti yanga, pepala lawo n'kulisiya pomwepo. Anandiperekeza mpaka pa geti, chinthu chimene sanachitirepo wantchito wina aliyense, koma sitinagwirane chanza.

Palibe amene anandilembanso ntchito, a Victor sananame. Iwe Tadala unamaliza koleji movutikira, amayi ako akugulitsa mandasi ndi zitenje, ndipo iwe Mphatso unadikira chaka chathunthu usanapitirize. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo sindikuchepetsa. Chithunzi chija, mmene ndikumvera, chikadali chodula, ndipo galasi lili m'bokosi lake ku Al Messila. Sindinasinthe chionetsero, sindinagonjetse kampani. Pano ndimaweta nkhuku kuno ku Chinamwali ndi msana wanga wopweteka, ndipo anthu ena kutchalitchi amanong'onezana kuti a Wyson anapita kunja n'kubwerako chimanjamanja chifukwa cha mwano.

Ndalemba mutu uno kuti muzidziwa choyankha. Mukamva munthu akunena kuti bambo anu anachotsedwa ntchito ku Qatar, musakangane naye, musachitenso manyazi. Anandichotsadi. Ingomufunsani ngati akudziwa chifukwa chake, ndipo akati ayi, mukhazikeni pansi mumuuze.